Amayi akachitidwa opaleshoni ya mtima, tsache lidikire

Amayi akatuluka m'chipatala atachitidwa opaleshoni yolumikiza mitsempha ya mtima, sachedwa kugwira tsache. Chonsecho fupa la pachifuwa limene madokotala anadula limatenga masabata 6 mpaka 8 kuti ligwirane.

Gawanani ntchito asanafike pakhomo. Kuchapa, kutunga madzi, kuvundula nsima, kunyamula mdzukulu, chilichonse choposa makilogalamu 5, achite ena, ngakhale amayiwo akakamire. Iwo aziyenda pang'onopang'ono kangapo patsiku, kenako apume atasanjika pa pilo mwendo umene madokotala anachotsamo mtsempha wokalumikiza kumtima, kuti mwendowo usatupe. Kugona masana kusapitirire ola limodzi, apo ayi usiku tulo sitibwera.

Akafuna kutsokomola, akumbatire pilo pachifuwa. Ululu umachepa ndithu.