Mwapuma pa ntchito ndipo ana akukuitanani kunja? Konzani mapepala musanakwere basi

Makolo ambiri kuno ku Mzuzu akapuma pa ntchito amapita kukalera zidzukulu ku Joni kapena ku UK. Chimene chimawagwetsa m'mavuto n'chimodzi: amalowa ngati alendo, kenako n'kukhalitsa ngati eni mudzi.

Yambani ndi pasipoti. Onani tsiku lothera ndi masamba opanda chidindo, asachepere awiri. Ngati yatsala pang'ono kutha, tengani chiphaso cha unzika mupite ku ofesi ya Immigration ya konkuno. Tikiti musagule pasipoti isanatuluke.

Ku South Africa Mmalawi amalowa popanda viza, koma masiku ake ndi 30 basi. Mukapitirira ndi masiku osaposa 30, amakuletsani kulowanso kwa chaka chimodzi. Mukapitirira kuposa apo, zaka zisanu. Kunena kuti mdzukulu anadwala sikusintha chidindo cha pachipata.

Wofuna kukhalitsa ali ndi njira ziwiri. Viza ya opuma pa ntchito imafika zaka zinayi, koma imafuna umboni woti mumalandira R37,000 pamwezi. Tinene chilungamo: penshoni ya mphunzitsi kapena namwino siifikako n'komwe. Yotheka kwa ambiri ndi viza ya achibale, ya zaka mpaka ziwiri. Apa mwana wanu ayenera kukhala nzika ya dzikolo kapena akhale ndi chilolezo chokhalamo mpaka kalekale, ndipo asonyeze kuti ali ndi R8,500 pamwezi yokusamalirani. Ngati ali ndi pemiti ya ntchito chabe, njirayi ndi yotsekeka. Ubale nawonso umafuna pepala: setifiketi ya kubadwa ya mwanayo isonyeze dzina lanu monga lilili mu pasipoti. Kwina Mhango, kwina Muhango, fomu ikhoza kubwerera.

Pemphani viza muli kuno ku Malawi, kudzera ku kazembe wa South Africa ku Lilongwe, chifukwa mlendo wamba salolezedwa kusintha mtundu wa chilolezo ali kale m'dzikomo. Adzafunanso lipoti la dokotala ndi kalata ya apolisi yosonyeza kuti mulibe mlandu, yomwe amakudindani zala. Kalatayi isapyole miyezi isanu ndi umodzi, choncho itengeni pomalizira, zinazo zitakonzeka, kuti musayende kawiri msewu wa M1.

UK ilibe viza ya opuma pa ntchito. Ya alendo imalola miyezi isanu ndi umodzi pa ulendo umodzi. Ngakhale mutapeza ya zaka 2, 5 kapena 10, malire a ulendo uliwonse ndi omwewo, ndipo akaona kuti mukungotuluka n'kubwereranso amakukayikirani kuti mwasamukira komweko. Chimawakhutiritsa ndi umboni woti mudzabwerera: mapepala a nyumba yanu ku Katoto kapena ku Chibavi, kalata ya penshoni, sitetimenti ya kubanki. Ndalama zambiri zoponyedwa mu akaunti kutatsala sabata amazizindikira msanga. Inshuwalansi ya zaumoyo musaisiye, pakuti mlendo akagonekedwa m'chipatala kumeneko amalipira yekha, ndipo ngongole yotsala ikhoza kukutsekerani viza yotsatira.

Odwala shuga kapena BP anyamule mankhwala m'mapaketi ake enieni pamodzi ndi kalata ya dokotala. Musananyamuke, funsani okulipirani penshoni momwe mudzatsimikizire kuti mukadali moyo muli kunja, poti ena amaimitsa malipiro munthu akapanda kuonekera pa kalembera.