Mmene mungayendere mapiri a Julian Alps ku Slovenia, madzi ndi mbiri zili m'manja

Musanayambe n'komwe kuyang'ana mapu kapena kufunsa kuti Triglav, phiri lalitali kuposa onse ku Slovenia, amakwerera kuti, dziwani kaye mwala umene mukayendepo chifukwa pulani yonse ya ulendowu imachokera pamenepo. Mapiri a Julian Alps, kumpoto chakumadzulo kwa Slovenia mpaka kulowa pang'ono mu Italy, ndi a miyala ya laimu, ndipo mwala umenewu madzi a mvula amausungunula pang'onopang'ono n'kumaboola ming'alu, mayenje ndi mapanga. Nde mvula ikagwa pamwamba madzi sakhalitsa, amangolowa pansi ngati mwawathira mu sefa, n'kukatulukira kumunsi kuzigwa. N'chifukwa chake kumunsi mumapeza mtsinje wa Soča ndi mathithi a Savica madzi ali mbwee, koma mukangodutsa pomwe mitengo yathera mutha kuyenda maola ambiri dzuwa likuswa mtengo osaona ngakhale kakasupe. Nyumba zogona za pamwamba kwambiri zambiri zimadalira madzi a mvula a m'mathanki, akumwa amagulitsa a m'mabotolo ndipo mtengo wake mu ma euro umaluma chifukwa kuwafikitsa kumeneko ndi ntchito. Dzazani mabotolo musananyamuke, malita awiri akhale ochepetsetsa, tsiku lotentha atatu.

Nthawi yabwino yopita ndi kuyambira kumapeto kwa Juni mpaka Sepitembala, poti ndi pamene nyumba za pamwambazo, zomwe eni ake amazitcha koča kapena dom, zimakhala zotsegula. Juni amakhalabe ndi chipale chofewa m'makwalala ena, Ogasiti anthu amachita kuthithikana makamaka Loweruka ndi Lamlungu, ine ndingakuuzeni kuti Sepitembala woyambirira ndiye bola. Malo ogona sungitsiranitu, musamati tikaona konko, chifukwa kumanga tenti paliponse mu Triglav National Park n'koletsedwa ndipo akakupezani ndi faindi. Mukafika pa koča nsapato mumavula pakhomo n'kuvala masilipasi omwe amakhala pomwepo, tengani kansalu kanu kogonera, ndalama za kashi chifukwa makina a khadi ndi netiweki sizodalilika kumtundako, ndipo zinyalala zanu mumatsika nazo nokha.

Zizindikiro za njira n'zosavuta. Mukaona kadontho koyera kozunguliridwa ndi mzere wofiira pamwala kapena pamtengo ndiye kuti muli panjira, chizindikirochi anayambitsa ndi Alojz Knafelc mu 1922 ndipo chikugwirabe ntchito dziko lonse la Slovenia. Zikwangwani zofiira zimalemba maola oyenda, osati makilomita, ndipo maolawo ndi a munthu wozolowera amene sakuima kujambula zithunzi, nde inu wonjezeranipo. Pachikwangwani pakakhala katirayango ndiye kuti njirayo ndi yovuta, manja agwira ntchito, pakakhala katirayango kokhala ndi chizindikiro cha mfuwu mkati ndiye yovuta zedi, ya zingwe zachitsulo ndi zikhomo, yofuna helimeti ndi lamba womangirira. Mukayenda mphindi khumi osaona kadontho kofiira kaja bwererani pomwe munakaona komaliza, pamiyala yoyera ija paliponse pamaoneka ngati njira makamaka nkhungu ikatsika.

Tsopano poyambira. Musathamangire Triglav tsiku loyamba, yambani ndi chigwa cha Soča, miyendo izolowere komanso mumvetse kuti njira zambiri zomwe mukapondeko anazikumba ndani. Kuyambira 1915 mpaka 1917, pa Nkhondo Yoyamba Yapadziko Lonse, asilikali a Italy ndi a Austria-Hungary anamenyana maulendo 12 motsatira mtsinje umenewu, womwe Ataliyana amautcha Isonzo, ndipo kumtunda kwake nkhondoyo inkachitikira pamwamba pa mapiri penipeni. Mwala wa laimu sukumbika ndi fosholo, nde ngalande zobisalamo ndi mapanga ankachita kusema ndi kuphulitsa, n'chifukwa chake mpaka lero zilipobe, ndipo bomba likagwa pamwala woterewu zibenthu zake zinkavulaza anthu ngati bombalo. Madzi nawo ankasowa kumtunda, vuto lomwelija mukakumane nalo inu, kungoti iwo ankakhala komweko miyezi, chisanu chili tsoo.

Kuchokera kutauni ya Kranjska Gora dutsani pa mpata wa Vršič, mamita 1,611, msewu wake uli ndi makona 50 olembedwa manambala, 24 mbali yokwera ndi 26 mbali yotsikira ku Trenta. Msewuwu anaumanga ndi akaidi a pankhondo a ku Russia mokakamizidwa ndi asilikali a Austria-Hungary kuti katundu azifika kunkhondo, ndipo mu Malichi 1916 chipale chofewa chinagumuka kuphiri n'kukwirira ambiri mwa iwo. Anzawo otsala anamanga katchalitchi kamatabwa kowakumbukira, kali pafupi ndi kona ya nambala 8, ambiri amangodutsa pagalimoto koma imani ndithu, ndi masitepe ochepa chabe kuchokera pamsewu. Nyengo yotentha pamayenda mabasi odutsa pampatawu, nyengo yozizira msewu umatsekedwa kawirikawiri.

Mukatsikira ku Trenta pitani kugwero la Soča, madzi amatuluka m'phanga m'thanthwe, kagawo komaliza kali ndi chingwe chachitsulo chogwirira nde ngati muli ndi ana kapena mumachita chizungulire onerani patali. Kuchokera pamenepo pali njira ya Soška pot, makilomita pafupifupi 25 kutsata mtsinje kulowera ku Bovec, yodutsa pa timilatho tolendewera ndi m'malo omwe madzi anasema mwala mpaka kupanga ngalande yakuya yopapatiza. Siyokwera kwambiri, mutha kuigawa pawiri. Mtundu wa madziwo, wobiriwira mosakanikirana ndi buluu, musaganize kuti zithunzi amazikometsera pa foni, ndi mmene alili, koma kuzizira kwake ayi ndithu. Pafupi ndi Bovec pali linga la Kluže pamwamba pa phompho la mtsinje wa Koritnica, mukhoza kupatukirako theka la tsiku.

Kobarid ndiye musaiphonye ngakhale nthawi itachepa bwanji. Apa ndi pomwe pa 24 Okutobala 1917 asilikali a Austria-Hungary ndi a Germany anaboola mzere wa Ataliyana, atayamba ndi mpweya wa poizoni cha ku Bovec, n'kuwathamangitsa mpaka kumtsinje wa Piave, ku Italy nkhondoyi amaitcha Caporetto. Dongosolo labwino ndi ili: m'mawa lowani kaye mu miyuziyamu ya m'tauni momwemo, muli mapu aakulu oumba osonyeza mapiri onse ndi pomwe magulu anaima, kenako muyambe njira yozungulira ya mbiri yakale ya makilomita pafupifupi 5. Mukayamba ndi njira musanalowe mu miyuziyamu mudzangoona mayenje m'tchire osadziwa kuti mfuti zinkaloza kuti. Njirayo imakwera kutchalitchi cha Anthony Woyera komwe mu 1938 Ataliyana anatsegula manda a mafupa a asilikali awo 7,014, mayina olembedwa pamakoma kuzungulira, kenako imadutsa pa Tonovcov grad pomwe pali mabwinja a mudzi ndi matchalitchi akalekale, n'kutsikira mu ngalande za asilikali m'mbali mwa Soča mpaka kumathithi a Kozjak omwe amagwera m'kati mwa chiphanga chamdima. Ndi makilomita ochepa koma perekani maola atatu kapena kuposa.

Ngati mwatsala ndi tsiku lina, kwerani Kolovrat, mtandadza wa m'malire ndi Italy komwe ngalande ndi mapanga anazikonzanso ndipo mumalowamo, tengani tochi. Kapena kuchokera ku Tolmin pitani ku Javorca, tchalitchi chamatabwa chomwe asilikali a Austria-Hungary anamanga mu 1916, mkati muli mayina opitirira 2,500 a anzawo omwe anafa, owotchedwa pamatabwa. Kwa ine Javorca imaposa zonse, mwina chifukwa anamanga ndi anthu omwe mawa lake ankabwereranso kukamenyana. Malo onsewa ali pa njira yayitali yotchedwa Pot miru, kutanthauza Njira ya Mtendere. Chenjezo limodzi lomwe si nthabwala: mukaona chitsulo chadzimbiri chooneka ngati chipolopolo kapena bomba musachigwire, zina sizinaphulike mpaka lero, imbani 112, nambala yomweyo ndi ya opulumutsa anthu m'mapiri.

Mbali ya chigwa cha Bohinj ili ndi zake. Kuchokera pafupi ndi mathithi a Savica pali njira yotakata yokhotakhota yokwera ku Dom na Komni, anaipangira nyulu zonyamula katundu wa asilikali, anthu akumeneko njira zotere amati mulatjera, ndipo ubwino wake n'ngoti imakwera mofatsa, mawondo salira. Ina yotere ili mbali ya Trenta, kuchokera ku Zadnjica kukwera ku Dolič, iyi anamanga Ataliyana nkhondo itatha, pajatu chigwa cha Soča chinakhala m'manja mwa Italy mpaka 1947 ndipo malire ankadutsa pa Triglav. Kuchokera ku Komna mutha kulowa m'chigwa cha nyanja zisanu ndi ziwiri za Triglav, kusambamo n'koletsedwa, kusamba kasambeni ku nyanja ya Bohinj kumunsi. Pali njira yachidule yochokera ku Savica kupita kunyanja za Triglav zija yotchedwa Komarča, yotsetsereka moopsa, mvula ikagwa isiyeni.

Nde Triglav mwiniwake, mamita 2,864, yemwe ali pa mbendera ya dzikolo. Anthu anayi a ku Bohinj ndi omwe anayamba kufika pansonga mu 1778. Mupatseni masiku awiri. Njira zosavutirapo ndi zochokera kuchigwa cha Krma kapena ku Pokljuka, mugone pa Kredarica, mamita 2,515, kapena pa Planika, n'kulawirira m'mamawa. Ola lomaliza ndi pamsana wopapatiza wodutsa pa Mali Triglav, phompho uku ndi uku, zingwe zachitsulo zilipo koma mwala wake unachita kusalala ndi mapazi a anthu, ukanyowa umaterera koopsa. Helimeti valani chifukwa amene ali pamwamba panu amagwetsa timiyala osadziwa, lamba womangirira mutha kubwereka m'matauni a kumunsi, ndipo ngati simunayendepo pa zingwe lembani wokutsogolerani, palibe manyazi apa. Onani zanyengo za ARSO, bungwe la boma loona zanyengo, usiku wake, nyengo yotentha mabingu amakonda kuyamba masana ndipo simukufuna kukhala mutagwira chingwe chachitsulo pamsana wa phiri mphenzi zikung'anima, mitambo ikayamba kuunjikana tembenukani ngakhale nsonga ikuoneka pafupi.

Pansonga mupeza kansanja kachitsulo kozungulira, Aljažev stolp. Wansembe Jakob Aljaž wa ku Dovje anagula kamalo ka pansongapo n'kuimikapo kansanjaka mu 1895, nthawi yomwe magulu a okwera mapiri olankhula Chijeremani ankalimbirana mapiriwa ndi a ku Slovenia. Komanso musadabwe wina akakuuzani kuti muwerame n'kukukwapulani pang'ono ndi chingwe kumbuyoku, ndi mwambo wawo kwa aliyense wofika koyamba.

Potsika ndi pomwe ambiri amavulala, miyendo yatopa, timiyala toyoyoka tikugubuduka pansi pa nsapato, nde nsapato zikhale za soli yogwira bwino ndipo ndodo zoyendera zimathandiza mukangochoka pa zingwe. Mukafika m'nkhalango za kumunsi, madzulo dzifufuzeni thupi lonse nkhupakupa, ku Slovenia zimafalitsa matenda a Lyme komanso ena otupitsa ubongo omwe ali ndi katemera, amene mungafunse kuchipatala miyezi ingapo ulendo usanafike chifukwa amabaya kangapo.