Tchuthi cha banja ku KwaZulu-Natal: nyama, nyanja, mpira ndi tauni m'masiku 10

Mabanja ambiri akamakonza zokapuma ku South Africa amafuna kuthyola zonse pa ulendo umodzi: Kruger, Cape Town, Durban, kenako masitolo a ku Joni. Mapeto ake theka la tchuthi limathera m'mabwalo a ndege, ana ali lefu, ndalama zathera matikiti. Chigawo cha KwaZulu-Natal pachokha chili ndi nyama zakutchire, nyanja yofunda, mabwalo akuluakulu a masewero ndi mzinda, zonse motsata msewu umodzi wa N2, ndipo malo akutali kwambiri pa ulendowu ali pafupifupi makilomita 300 kuchokera ku Durban. Kagawidwe kamene kamayenda bwino ndi ana ndi aka: kugona kawiri ku Umhlanga kapena ku Durban, katatu m'tauni ya kugombe ya St Lucia, kawiri kumalo osungirako nyama zakutchire a Hluhluwe-iMfolozi, masiku otsalawo mubwerere ku Durban.

Mwezi wabwino kwa banja lochokera ku Malawi ndi Ogasiti. Sukulu zathu zimakhala zitatseka pomwe za kumeneko zili mkati, choncho malo ogona amapezeka pa mtengo wabwinoko. Kutchire udzu umakhala utauma ndipo nyama zimasonkhana pamadzi. Ku Durban masana kumafunda ngakhale ili nyengo yozizira, anangumi amakhala akudutsa m'mbali mwa gombe, ligi ya mpira nayo imakhala ikuyamba. Vuto lake ndi mphepo basi. Pewani kuyambira pakati pa Disembala mpaka kumayambiriro a Januwale, chifukwa Gauteng yonse, chigawo chomwe kuli Joni, imakhamukira kunyanja, mitengo imakwera, poponda phazi pamchenga pamasowa.

Mapepala ndi kafikidwe

Pasipoti ya Malawi imakulolani kukhala masiku 30 popanda viza. Ikhale ndi masamba awiri osadindidwa, ndipo isathe mphamvu pasanadutse masiku 30 kuchokera tsiku lotuluka m'dzikomo. Akakudindirani pachipata, werengani deti lomwe alemba musanachoke pawindo, chifukwa nthawi zina amapereka masiku ochepa kuposa omwe mumayembekezera. Kupitiriza ngakhale tsiku limodzi kumachititsa kuti muletsedwe kulowanso kwa chaka, ndipo mukapitiriza masiku oposa 30 chiletsocho chimafika zaka 5. Mwana aliyense akhale ndi pasipoti yake. Nyamulani chiphaso chake chobadwira chosonyeza makolo onse awiri, ndipo ngati akuyenda ndi kholo limodzi kapena ndi azakhali, pakhale kalata yolumbirira ya kholo lotsalalo pamodzi ndi fotokope ya chitupa chake. Malamulo a ana anafewetsedwa mu 2019, koma wa pa kauntala ya ndege kapena wa pa malire a dziko lodutsamo akhoza kuzifunabe, ndipo kukangana naye basi ikudikira sikupindula.

Ndege yochoka ku Lilongwe kapena ku Blantyre kupita ku bwalo la OR Tambo ku Joni imatenga maola awiri ndi pang'ono, kuchoka apo kukafika ku bwalo la King Shaka ku Durban ndi ola limodzi. Pakati pa ndege ziwirizi siyani maola atatu: mudzadinditsa, mudzatenga katundu, mudzamuperekanso mbali ya ndege za m'dziko momwemo. Matikiti otsika mtengo a ndege za m'dzikomo kawirikawiri salowetsamo sutikesi, ndipo kulipira sutikesiyo pabwalo kumadula kuposa kulipiriratu pa intaneti. Basi yodzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge imasunga ndalama, koma imadya usana ndi usiku n'kupitirira, ndiye muwonjeze makilomita pafupifupi 570 a msewu wa N3 kukafika ku Durban. Ndi mwana wosakwana zaka 5, ganizani kawiri.

Za ndalama zakunja yambani msanga kubanki, mutatenga tikiti ndi pasipoti, ndipo funsani malire a ndalama zomwe khadi lanu lingatulutse kunja pa tsiku. Gulani adaputala mukangofika: mapulagi athu a mano afulati salowa m'masoketi awo a mabowo ozungulira. Simu khadi imalembetsedwa ndi pasipoti, pabwalo la ndege pomwepo.

Galimoto ndi yofunika pa ulendowu. Amayendetsa kumanzere ngati kwathu, ndipo laisensi ya Malawi imagwira ntchito poti ndi yachingerezi komanso ili ndi chithunzi. Obwereketsa amafuna kirediti khadi ya dzina la woyendetsa kuti atsekerepo chikole. Banja lofika ndi khadi la wina limabwerera pakauntala manja ali m'khosi. Galimoto wamba imakwana, koma yokwererapo pang'ono imathandiza ana kuona patali kutchire. Mwana wosakwana zaka 3 lamulo limafuna akhale pa mpando wake wa ana, ndiye itanitsiranitu. Pa N2 pali zipata zolipiritsa ku oThongathi, Mvoti ndi Mtunzini. Sungani marandi apamanja chifukwa si khadi lililonse limalandiridwa. Musayende msewuwu usiku: ng'ombe, anthu oyenda pansi ndi malole opita ku Richards Bay n'zambiri.

Nyanja iyi si ya ku Salima

Apa m'pamene Amalawi odziwa kusambira amapusitsika. Mwana wozolowera Senga Bay amadziwa madzi osaphwa, mafunde ofatsa. Indian Ocean imadzaza ndi kuphwa kawiri pa tsiku, ndipo madzi omwe mafunde aponya kumtunda amabwerera kudzera m'ngalande zobisika pakati pa mchenga. Pamwamba pa ngalande yotero pamaoneka pabata, madzi akuderapo, mafunde osasweka, ndipo ndi pomwe munthu wosadziwa amasankha kuti ana asambirepo. Sambani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu pokha, pomwe pali opulumutsa anthu, ndipo iwo akaweruka inunso tulukani. Madziwo akakukokani musalimbane nawo kulunjika kumtunda, mudzatopa musanafike. Yandamani, kwezani dzanja, kenako sambirani cham'mbali motsata gombe mpaka mutatuluka mu ngalandemo. Ana auzeni zimenezi muli m'chipinda, osati ali kale m'madzi.

Magombe a Durban ndi Umhlanga amatetezedwa ku shaki ndi a KwaZulu-Natal Sharks Board, koma mu Juni ndi Julaye, pamene nsomba za sardine zikudutsa, maukonde amachotsedwa m'malo ena ndipo kusamba kumaletsedwa. Mphepo ikaomba kuchokera kunyanja imabweretsa tizilombo tabuluu tokhala ngati thovu ta mchira wautali, ma bluebottle. Mwana akalumidwa chotsani ulusi wa mchirawo osaupaka, tsukani ndi madzi a m'nyanja omwewo, kenako muviike malowo m'madzi otentha omwe khungu lingapirire. Chinanso: chichitikireni madzi osefukira a mu Epulo 2022, magombe ena amatsekedwa nthawi ndi nthawi chifukwa cha zonyansa zolowa m'nyanja. Khonsolo ya eThekwini, yoyang'anira Durban, imalengeza magombe otseguka. Onani m'mawa uliwonse, makamaka kukagwa mvula. Tsiku lotsekedwa ndilo lopita ku uShaka Marine World, komwe kuli nsomba za m'magalasi ndi maiwe otsetsereka.

St Lucia ndi mvuu za mumsewu

Kuchoka ku Durban ndi maola atatu, kukhotera pa Mtubatuba. Tauni ya St Lucia ili mkati mwa iSimangaliso Wetland Park, yomwe inalowa m'kaundula wa UNESCO mu 1999. Lipirani boti la maola awiri la madzulo pa mtsinje wa St Lucia, muone mvuu ndi ng'ona pafupi. Mvuuzo usiku zimatuluka kudzadya kapinga m'misewu ya tauni, si nthabwala ayi, choncho kukada pitani kodyera pa galimoto ngakhale pali pafupi. M'madzi a mtsinjewo musaviikemo ngakhale phazi.

Tsiku limodzi lonse lipatseni Cape Vidal, makilomita pafupifupi 35 kumpoto. Msewu wake umadutsa m'tchire la mbidzi, njati ndi zipembere n'kukathera pagombe, ndiye nyama ndi nyanja mumazipeza tsiku limodzi. Onani ndandanda ya kuphwa kwa madzi dzulo lake, mufike madzi ataphwa, chifukwa ndi pamene miyala imatchinga mafunde ndipo ana amatha kuona nsomba ndi magalasi osambira. Pachipata amawerengera magalimoto olowa pa tsiku, choncho pa tchuthi lawirirani. Chakudya tsekerani m'galimoto. Apusi a kumeneko amatsegula chikwama mofulumira kuposa mwini wake. Obwera pakati pa Novembala ndi Malichi akhoza kulipira ulendo wa usiku wokaona akamba a m'nyanja akuikira mazira kapena ana awo akuswa.

Malungo kuderali ndi ochepa koma alipo, makamaka nyengo ya mvula. Mabanja okhala ku Britain, omwe ana awo sanadwalepo malungo, afunse dokotala asananyamuke.

Kutchire

Hluhluwe-iMfolozi inakhazikitsidwa mu 1895, ndipo ndi kuno komwe chipembere choyera chinapulumukira chitatsala pang'ono kutha padziko. Kuchokera ku St Lucia ndi ola limodzi kukafika pa chipata cha Nyalazi. Malo ogona amayendetsedwa ndi Ezemvelo KZN Wildlife, ndipo muyenera kusungitsa kudakali miyezi ingapo. Banja la ana aang'ono lisankhe kampu ya Hilltop, komwe kuli malo odyera. Kampu ya Mpila ndi yokoma kwa ana okulirapo, koma ilibe mpanda wotchinga zilombo, afisi amazungulira pootchera nyama usiku, ndipo chakudya mumabwera nacho nokha. Gulani ku Mtubatuba. Polipira pachipata onetsani mapasipoti ndipo funsani mtengo wa nzika za SADC.

Nyama zimaoneka m'maola awiri kapena atatu oyamba chipata chikatsegulidwa, ndi maola awiri dzuwa lisanalowe. Masana zimabisala pamthunzi, ndipo banja lozungulira kuyambira 10 koloko mpaka 3 koloko limangoona nyala ndi njiri, ana akulira kumbuyo. Malire a liwiro ndi makilomita 40 pa ola, koma woona nyama amayenda theka lake, mawindo otsitsa pang'ono, wailesi yozimitsa. Fikani pa dziwe, zimitsani injini, dikirani mphindi 20. Ana apatseni pepala la mayina a nyama azichonga, ndi mabayinokula awoawo ngakhale otchipa. Ulendo umodzi usapitirire maola atatu, ndipo onani pa mapu pomwe pali zimbudzi, chifukwa kutsika m'galimoto n'kololedwa pa malo oikika okha.

Njovu zipatseni mpata wa mamita 50, injini isazime, ndipo onetsetsani kuti kumbuyo kuli njira yobwerera. Musalowe pakati pa mayi ndi mwana wake. Yamphongo yomwe ikutuluka madzi m'mbali mwa mutu, miyendo yakumbuyo ili yonyowa, ndi yaukali: bwererani pang'onopang'ono, osaimba hutala. Chithunzi cha chipembere musachiike pa Facebook ndi malo ake, opha nyama mozemba amawerenganso. Maulendo a galimoto za agemu ndi oyenda pansi amakhala ndi malire a zaka za ana, funsani musanalipire. Madzulo aliwonse fufuzani nkhupakupa m'miyendo ndi m'mutu mwa ana. Nthawi yotseka zipata imasintha ndi nyengo, ndipo wochedwa amalipitsidwa.

Mpira ndi tauni

Masiku omaliza akhale ndi Loweruka. M'mawa wake 8 koloko kuli parkrun, kuthamanga kwa gulu, ya makilomita 5 ku North Beach, yaulere, mumangolembetsa pa intaneti, ndipo oyenda ndi okankha ana amaloledwa. Masana onani ndandanda ya masewero. Moses Mabhida, bwalo lomwe linamangidwira World Cup ya 2010, ndi komwe AmaZulu, timu yomwe Gabadinho Mhango anaseweramo, imachitira ena mwa masewero ake. Pafupi pomwepo pali Kings Park ya timu ya rugby ya Sharks, ndipo ngakhale simudziwa malamulo ake, ndi malo omwe mabanja amapita ndi ana momasuka. Kiriketi ili ku Kingsmead nyengo yotentha. Matikiti gulanitu pa intaneti kapena m'masitolo ogulitsa, chifukwa masewero ambiri sagulitsa pachipata, ndipo Kaizer Chiefs kapena Orlando Pirates ikabwera amatha msanga. Lowani ola limodzi mpira usanayambe, chipwirikiti chimakhala cha ofika mochedwa. Lembani nambala ya foni pa mkono wa mwana.

M'tauni, bwerekani njinga pa msewu wa oyenda pansi wa Golden Mile, pitani ku Durban Botanic Gardens, yomwe inayamba mu 1849, ndipo lawani bunny chow, buledi woboola pakati wothiramo ndiwo za curry. Itanitsani kota ya buledi, ya nyemba kapena ya nkhosa, ndipo ya ana funsani yosawawa, poti tsabola wa ku Durban saseka. Zokometsera ndiwo gulani ku Victoria Street Market m'mawa, foni ili m'thumba, mupite ndi kubwera pa Uber kapena Bolt. Pa ATM musalandire thandizo la munthu aliyense, poimika galimoto pampando pasatsale kanthu, ndipo mukakiya ndi rimoti yesani chitseko ndi dzanja, chifukwa akuba ena amatchinga siginolo. Nambala ya ngozi pa foni ya m'manja ndi 112, ya apolisi 10111.

Zogula zikuluzikulu zisiyireni tsiku lomaliza ku Gateway, ku Umhlanga, kuti musayende nazo kutchire. Pemphani tax invoice pa chilichonse: katundu yemwe mukutuluka naye akaposa R250, msonkho wa VAT umabwezedwa ku OR Tambo, koma katunduyo ayenera kuonetsedwa musanapereke masutikesi. Yezani masutikesiwo muli kogona, makilo a ndege ya m'dzikomo ndi ya ku Lilongwe sakhala ofanana nthawi zonse.