Nkhuku zikudya koma sizikulemera? Yambani mwaona zitosi musanagule mankhwala

Alimi anzanga oweta mabroila ndi ma leyazi kuno ku Mangochi, dandaulo lomwe timalimva pafupipafupi ndi lakuti fidi akutha matumbamatumba koma nkhuku zafika masabata 6 zili zopepuka, a malo ogona alendo ku Monkey Bay ndi Cape Maclear akuzikana. Ambiri mumafulumira kunena kuti fidi ndi wachinyengo kapena anapiye anali oipa, nthawi zina ndi zoona, koma kawirikawiri vuto limakhala m'matumbo mwa nkhukuzo. Fidi yekha amadya ndalama zoposa theka la zomwe mumalowetsa pa bachi imodzi, ndiye matumbo akalephera kuyamwa chakudya ndalama zanuzo zikungotuluka ndi zitosi basi.

Chakudya mu nkhuku sichikhalitsa. Chimafewa m'chithokomiro, nthutumba imachipera poti nkhuku ilibe mano, kenako chimayamwidwa m'matumbo, zonsezi m'maola ochepa chabe. Nchifukwa chake mkati mwa matumbo mukangotupa pang'ono chakudya chimadutsa chisanagayike ndipo mumaona tizidutswa ta chimanga m'zitosi.

Ndiye mukalowa m'khola m'mawa musayambe ndi kuthira fidi, weramani kaye muone pansi. Chitosi chabwino chimakhala cholimbirako, chotuwa kapena chabulauni, ndi koyera pamwamba. Pali china chomata ngati chiponde, chonunkha kwambiri, chomwe nkhuku imatulutsa mwa apo ndi apo patsiku, chimenecho chisakuopseni, ndi chachibadwa. Choopsa ndi magazi, kapena zolendalenda za mtundu wa olenji, kapena zitosi zamadzi zathovu khola lonse. Zobiriwira nkhuku zikupuma movutika ndi kupinda makosi ganizirani chitopa, zoyera zamadzi anapiye ataunjikana nthenga zili nyankhalala ganizirani gumboro, ndipo awiriwa ndi ma vayirasi, mankhwala a mpaketi aja sachiza, chofunika ndi katemera pa nthawi yake.

Magazi aja nthawi zambiri ndi kokisidiyosisi, matenda omwe amakonda nkhuku za masabata 3 mpaka 6. Amayamba ndi tizilombo totchedwa Eimeria, timazira take timatuluka ndi zitosi, tikapeza utuchi wonyowa ndi wofunda timakhwima m'tsiku limodzi kapena awiri, nkhuku ina nkujompha, ndiye taganizani ndi kutentha kwa kwathu kuno. Tikalowa timaboola khungu la mkati mwa matumbo, ndipo choipa nchakuti pambuyo pake mabakiteriya a Clostridium omwe amakhalamo kale amapezerapo mwayi nkuoletsa matumbowo, nkhuku zonenepa bwinobwino nkumangofa mwadzidzidzi. Komanso si nthawi zonse magazi amaoneka ayi, zina zimangokhala zokwinimbira, kudya zikudya koma sikelo osasuntha. Mankhwala alipo monga amprolium, ndipo fidi wambiri wa kufakitale amaikamo kale zoteteza, koma ngati pansi pakhalabe chinyontho matendawo abweranso.

Tapani utuchi kapena mankhusu a mpunga m'dzanja mufinye. Zikagwirana pang'ono nkumwazika mukatambasula dzanja zili bwino, zikaumbika chibuma zanyowetsa, chotsani pamenepo muike zouma. Yalani masentimita 5 mpaka 10, osati kungowaza kuti simenti isaoneke. Malo oyamba kunyowa ndi mozungulira zomwera, zikwezeni milomo yake ikhale pa msinkhu wa msana wa nkhuku ndipo muzikweza pamene zikukula. Fungo likamalasa m'maso mukalowa ndiye kuti mphepo sikuyenda, tsegulani makatani.

Za madzi ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ndi pomwe ambiri timagwera. Nkhuku imamwa pafupifupi kawiri kulemera kwa chakudya chomwe yadya, ndipo mu Okutobala ndi Novembala kuno kunyanja kukafika madigiri 35 kupita m'mwamba zimamwa koposa apo, zitosi nkumatuluka zamadzi ngakhale sizikudwala. Anzathu a ku Namwera kumtunda zimawachitirako bwino, koma inu a ku Makawa, Malindi ndi pa boma thanki kapena mgolo wa madzi usakhale padzuwa, madzi ofunda nkhuku zimawakana kenako zimasiyanso kudya. Pisani chala m'chomwera, mukamva kuterera ndiye kuti mwamera tizilombo, makamaka mukangomaliza kupereka gulukozi kapena mavitamini, kutsukuluza sikukwanira, kwechani tsiku ndi tsiku. Madzi otunga mu Shire kapena kunyanja thiranimo kolorini pa mlingo wa madzi akumwa anthu, koma chenjerani apa, kolorini amapha katemera wosungunula m'madzi, musiyeni masiku 2 musanatemere. Mijigo ina madzi ake ndi amchere, ngati inuyo mukuwamva mchere pa lilime nkhuku zizingomwa ndi kutsegula.

Mitengo ya fidi ikakwera ambiri mumasakaniza nokha, sindikuletsa, koma pali zitatu zomwe zimaononga matumbo mwakachetechete. Madeya ogula kuchigayo akadali achinyontho nkuwathira m'thumba amachita chuku, ndipo chuku cha chimanga ndi mtedza chimatulutsa poizoni wa aflatoxin yemwe amaononga chiwindi nkufooketsa chitetezo cha m'thupi, kuwayanika atachita kale chuku sikuchotsa poizoniyo. Soya wosakazinga ali ndi zinthu zotsekereza kugayika kwa mapuloteni, mukazingeni apse bwino koma osapserera. Ndiye usipa, poti kuno ndi kwawo timakonda kuthira wambiri poganiza kuti nkhuku zikula msanga, koma nsomba zikachuluka mu fidi zimadyetsa Clostridium uja, zinyenyeswa zosesa pa thandala zimabweranso ndi mchenga, zina zoola kale. Matumba a fidi asanjeni pa matabwa, asakhudze pansi kapena khoma. Pochoka pa fidi wa anapiye (sitata) kupita pa wa nkhuku zokulirapo (girowa kapena finisha) sakanizani wakale ndi watsopano kwa masiku 3, pang'onopang'ono, osangosintha tsiku limodzi chifukwa thumba latha.

Anapiye akangofika, makamaka oti ayenda ulendo wautali kuchokera ku Blantyre kapena Lilongwe, apeze madzi ndi chakudya zili kale pafupi. Pakatha maola 24 tolani angapo mugwire pa chithokomiro, pafupifupi onse chikhale chodzaza ndi chofewa. Cholimba gwa ndiye kuti adya koma madzi sanawapeze, chamadzi okhaokha amwa koma sanadye.

Chizolowezi chothira ma antibayotiki m'madzi bachi yonse eti poteteza, ine ndimachikana. Amapha ndi mabakiteriya abwino omwe othandiza kugaya chakudya, otsalawo amazolowera mankhwala, tsiku lomwe matenda enieni abwera antibayotiki yemweyo, monga oxytetracycline, sagwiranso ntchito. Mukapereka mankhwala werengani pa paketi masiku oyenera kudikira musanagulitse nyama kapena mazira, nkhukuzi akudya ndi ana a anthu. Nkhuku ikafa musaitaye kudzala kapena kuponyera agalu, pitani nayo kwa alangizi a ziweto ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu (EPA) akaing'ambe aone matumbo, koma ikhale yongofa kumene chifukwa ndi kutentha kuno mkati mumaola msanga ndipo palibe chomwe angaone. Ngati kuli kutali tengani yodwala ikadali yamoyo, ndipo bachi ikatuluka chotsani utuchi wonse, tsukani, khola likhale lopanda nkhuku masabata 2 musanalowetse anapiye ena.