Thalauzi yokwerera phiri: momwe ndinathetsera kusupuka m'mphechepeche

Ndikamakwera Mulanje kuyambira ku Likhubula, ndinkafika pa Chambe m'mphechepeche mutasupuka, ndikuyenda chotang'adza. Jinzi ikanyowa ndi mame kapena chiperoni imalemera, siuma msanga, ndipo msoko wake wokhuthala uja umakhula khungu ngati tupa.

Ndinayesa kabudula, koma udzu unandicheka miyendo, usiku n'kumazizidwa. Thalauzi yamasewero ya thonje inangomwa thukuta. Vaseline ankathandiza kwa kanthawi chabe.

Yankho ndinalipeza pa kaunjika. Choyamba ndinkawerenga kalebulo ka m'chiuno: ndinkafuna nayiloni kapena polyester yosakaniza ndi elastane pang'ono, yathonje ndinkaisiya. Nsalu yotere imatamuka, ndipo ikanyowa imaumira m'thupi momwemo.

Koma chomwe chinasintha zinthu kwenikweni ndi pakati pa miyendo. Itembenuzeni thalauziyo muone. Zambiri misoko inayi imakumana malo amodzi n'kupanga kamfundo kolimba, ndipo ndi kameneko kamakupweteka. Yabwino imakhala ndi kansalu kapadera kosokereredwa pamenepo, kotalika chakumiyendo, moti misoko simakumana. Nditapeza yotere, ndinaivala pamwamba pa kabudula pamsika pomwepo, ndikunjuta, kenako kukweza bondo mpaka pachifuwa. Sinakoke paliponse.

Inali yaitali, choncho telala anaifupikitsa kuti isamakole pansi pa nsapato, n'kuikanso zipi pathumba la foni. Zonse pamodzi sizinafike mtengo wa jinzi yatsopano. M'kati ndimavala kabudula wothina wa nayiloni, ndipo ulendo wa ku Sapitwa ndinabwerako khungu lili bwinobwino.