Sabata yomaliza ya pakati: konzani ulendo matenda asanayambe

Tsiku limene anamwino anakulemberani m'buku la kusikelo musalidalire kwambiri. Iwo amawerengera masabata 40, koma mwana akhoza kubwera nthawi iliyonse kuyambira sabata ya 37, ndipo ena amachedwa mpaka ya 41 kapena 42. Wanga woyamba anabwera kutatsala masiku 9, usiku, mvula ya mu Januwale ikukhuthuka, bambo ake ali ku Lilongwe kokaoda katundu. Matewera ndinali nditachapa ndi kusita, koma za mayendedwe tinali tisanakambirane. Ndinafika kuchipatala pa njinga yakapalasa, alamu anga akuikankha m'matope.

N'chifukwa chake ndimati, amayi anzanga, yambani ndi ulendo. Pezani wa njinga yamoto kapena wa galimoto amene amayankha foni usiku, mugwirizane mtengo lero lomwe, ndipo mutenge nambala za anthu awiri, poti mmodzi akhoza kuthimitsa foni. Ndalama yake ikhale payokha, ngakhale yomanga pansonga ya chitenje, isabwerekedwe yogulira ndiwo. Pabanja mugwirizanenso poyera kuti matenda akayamba munyamuka ndi amene ali pafupi. Zodikira kuti apongozi kapena amalume abwere adzavomereze zachedwetsa amayi ambiri. Ngati kwanu n'kutali ndi chipatala, kapena pali mtsinje umene umadzadza, pitani mukakhale kuchidikiro. Chimodzimodzi ngati munachirapo pa opaleshoni, muli ndi mapasa, kapena anakuuzani kuti BP ndi yokwera. Ine kwa ana awiri otsatirawo ndinakadikirira komweko. Kumatopetsa, malo ogona ndi othina, koma mtima umakhala m'malo.

Gadiyani musasankhe chifukwa cha ulemu okha. Akhale munthu wamphamvu zake, wotha kutunga madzi, kuphika ndi kuthamangira anamwino pakati pausiku. Iyeyo atenge ufa, ndiwo zouma, shuga, poto, mbale ndi nkhuni kapena makala.

Katundu wanu longedzani m'beseni, likhale pafupi ndi khomo. Zitenje zochapa bwino zikhale zosachepera 6, chifukwa zimatha msanga: china chopukutira mwana, china chomufunditsa, china chanu. Onjezani pepala lakuda la pulasitiki loyala pabedi, lezala latsopano losatsegula, ulusi, sopo, mapadi kapena nsalu zoyera, matewera, chipewa ndi masokosi a mwana, ndi tochi, poti magetsi athuwa mukuwadziwa. Zipatala zimasiyana pa zimene zimafuna, ndiye funsani pa sikelo yomaliza. Buku la kusikelo likhale pamwamba penipeni, ndipo ngati mumamwa ma ARV kapena mankhwala ena a tsiku ndi tsiku, akhale limodzi ndi bukulo.

Mudzadziwa bwanji kuti ayambadi? M'masiku omalizawa mimba imauma n'kusiya, ndipo mukagona kapena kuyendayenda zimatha. Matenda enieni sasiya. Ululu umayambira kumsana n'kuzungulira kutsogolo, umabwera mwa nthawi yake, ndipo mpata umafupikirafupikira. Mukhozanso kuona chikazi chonanda chosakanikira timagazi pang'ono. Amene ali pafupi ndi chipatala angathe kudikira mpaka ululu uzibwera mphindi 5 zilizonse, koma akutali nyamukani mukangoona kuti wakhazikika. Nsupa ikasweka musadikire ululu ayi, valani padi n'kumapita, ndipo muone mtundu wa madziwo. Akakhala obiriwira kapena oderako, auzeni anamwino mutangofika.

Zina sizidikira kuti kuche: kutaya magazi, mutu waukulu, kuona zachimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, kapena mwana kuchepetsa kusewera. Ena amati mwana akatsala pang'ono kubadwa amakhala chete. Musamvere zimenezo, mwana amasewera mpaka tsiku lomaliza.

Za mwanamphepo, mankhwala azitsamba ofulumizitsa kubereka, ndinene mosabisa. Padzapezeka wina wokukondani, mwina azakhali, atabisa kabotolo m'chitenje kuti “muchire msanga”. Musamwe. Mankhwala amenewa amakoka chiberekero mwamphamvu njira isanatseguke, chikhoza kuphulika, ndipo mwana amabanika. Ngati mwamwa kale, ululani kwa anamwino. Akalipa, inde, koma adziwa pogwira.

Mwana akabadwa, pemphani amugoneke pachifuwa panu, ndipo ayamwe ola loyamba lisanathe. Mkaka wachikasu woyambawo musaufinyire pansi, ndi umene umamuteteza ku matenda. Kumusambitsa kudikire tsiku lathunthu, ndipo pamchombo pasapakidwe phulusa, mafuta kapena china chilichonse kupatula chimene akupatsani kuchipatala. Zimenezi muwauziretu a gadiyani anu sabata inoyi, chifukwa nthawi imeneyo inu mudzakhala mulibe mphamvu zotsutsana ndi munthu.