Malangizo a foni ya Android yochipa: zoyesa musanalipile ndi kasamalidwe kake

Malangizo awa ndi a mafoni a Android a mtengo wotsika, aja okhudza ndi cala pa sikilini, okhala ndi RAM (malo amene foni imagwililapo nchito) ya 2GB kapena 3GB, malo osungilamo zinthu a 32GB kapena 64GB, ndi batile la 5000 mAh. Mafoni ambili a itel, Tecno, Redmi ndi Samsung amene mumaona m'masitolo ku Lusaka, Chipata ndi Petauke ali m'gulu limeneli. Mau ambili acokela m'kabuku ka Cingelezi kamene opanga amaika m'bokosi. Eni sitolo anapempha kuti kalembedwe m'Cinyanja, ndipo pamene kabukuko kangodutsa pamwamba, taonjezelapo zimene zimacitika kuno kwathu. Maina a zinthu za mu Settings tawasiya mmene amaonekela pa foni kuti musavutike kuwapeza.

Musanacoke pa kauntala

Kabuku kakuti: onetsetsani kuti m'bokosi muli foni, chaja, nthambo yake, kawaya kotsegulila malo a SIM, ndi pepala la walanti (lonjezo la opanga lakuti adzakonza foni ikapezeka ndi colakwika ca ku fakitale). Ngati cina cikusowa, uzani wogulitsa. Kathela pamenepo, koma inu musathele pamenepo.

Yatsani foni muli m'sitolo momwemo. Dinizani *#06# monga mukufuna kuimba, ndipo padzaoneka nambala yaitali ya manambala 15 yochedwa IMEI. Foni yolowa ma SIM awili imaonetsa ziwili. Nambalayi ifanane ndi yolembedwa pa bokosi, ndipo pemphani wogulitsa ailembe pa lisiti. Zikasiyana, foniyo ndi gong'a kapena yaikidwa m'bokosi la foni ina. Isiyeni, ngakhale akucotseleni mtengo. Lisiti lokhala ndi IMEI ndi limene adzafuna okonza pa walanti, ndiponso apolisi tsiku limene akawalala akutsompholani foni pa siteshoni ya minibasi.

Kenako yesani sikilini. Tsegulani polembela meseji ndi kudiniza zilembo zonse, makamaka za m'mphepete monga q, p, a ndi l, cifukwa sikilini yodwala imayambila kumeneko kukana cala. Gwilani kacizindikilo ka app imodzi, mukayendetse kuzungulila sikilini yonse osacotsa cala. Kakagwa panjila, pamenepo pali vuto. Imbilani munthu, mumumve pakhutu, mumumvenso pa sipika, ndipo mufunseni ngati akukumvani bwino. Lumikizani chaja muone ngati ikulowetsa moto popanda kugwedeza nthambo. Zonsezi sizitenga nthawi, ndipo wogulitsa woona mtima sakwiya nazo.

Mukaona cikwangwani cakuti katundu wogulidwa sabwezedwa, musabwelele m'mbuyo. Lamulo la Competition and Consumer Protection Act la 2010 limaletsa ogulitsa kupacika mau otelo, ndipo bungwe la boma loteteza ogula, la CCPC, limalandila madandaulo ao. Koma wopita kumeneko alibe lisiti amakhala atadzifooketsa yekha.

Kuika SIM

Zimitsani foni. Lowetsani kawaya m'kabowo ka m'mbali, kathileyi katuluke. Ikani SIM mbali yagolide itayang'ana pansi, ndipo bwezani kathileyi osakakamiza. Samalani kuti musalase kabowo ka maikolofoni, kamafanana.

Mafoni awa amalowa SIM yaing'ono kwambili, ya nano. Ngati yanu ndi yakale yaikulu, musaidule ndi lezala kapena sizala. SIM yodulidwa mokhota imapinda tumano ta mkati, ndipo zimenezo walanti sakonza. Pitani ndi NRC yanu ku ofesi ya MTN, Airtel kapena Zamtel akupatseni yaing'ono ya nambala imodzimodziyo. Malamulo a ZICTA, bungwe la boma loyang'anila za mafoni, amafuna kuti SIM ilembetsedwe m'dzina la mwini wake, conco yogula pamsewu yolembetsedwa kale m'dzina la munthu wina ndi msampha: ikatayika simungaibwezeletse, ndipo ndalama za mobile money zili mmenemo mudzavutika kuzipeza.

Mukaika ma SIM awili, lowani mu Settings musankhe ya intaneti ndi yoimbila. Ambili amagula bundle pa SIM ina pamene foni ikudya talk time pa inzake. Inu a kufupi ndi malile, kaya ku Mwami kapena ku Chanida, zimitsani Data roaming, cifukwa foni imatha kugwila netiweki ya ku Malawi kapena ya ku Mozambique muli pakhomo panu, ndipo mtengo wake suli wa kuno. Ikapitiliza kucita zimenezo, cotsani posankha netiweki pa Automatic ndi kusankha yanu ndi manja.

RAM ndi malo osungilamo zinthu

Apa ndi pamene ogula ambili amasokonezeka, cifukwa zonse ziwili zimalembedwa ndi GB. Malo osungilamo zinthu ali ngati nkhokwe, ndipo RAM ili ngati licelo: nkhokwe ikhale yaikulu motani, cimanga cimene mungapete pa nthawi imodzi ndi cokwana m'licelo. Foni ya 2GB ikatsegula WhatsApp, Facebook ndi TikTok pamodzi, imayamba kutseka zina mwakacetecete kuti ipeze malo. N'cifukwa cake mukacoka pa app kukakopela nambala kwina, pobwelela mumapeza yayambilanso paciyambi. Foniyo sinawonongeke, ndiwo malile ake.

Pa mabokosi ena mudzaona polembedwa 4GB ndi zilembo zazikulu, ndipo pansi pake 2+2 ndi zilembo zing'onozing'ono. Opanga ena amacha zimenezi Memory Fusion, ena RAM Plus, ena Extended RAM. Tanthauzo lake ndi lakuti RAM yeniyeni ndi 2GB, ndipo 2GB inayo yabwelekedwa ku malo osungilamo zinthu, amene amayenda pang'onopang'ono kuposa RAM. Imathandiza pang'ono kuti ma app asatsekedwe msanga, koma siifulumizitsa foni. Poyelekezela mafoni awili, welengani nambala yoyamba cabe ya pa 2+2 paja, ya RAM yeniyeni. Ngati thumba likulola, maganizo athu ndi akuti ndalama yoonjezela ipite pa RAM yeniyeni ya 3GB kapena 4GB, osati pa kamela.

Nayo 32GB yolembedwa pa bokosi simudzaipeza yonse. Android ndi ma app obwela ndi foni amatengako gawo lalikulu musanajambule cithunzi ngakhale cimodzi. Onani mu Settings pa Storage kuti mudziwe zotsala zenizeni. Malowa akatsala pang'ono kudzala, foni imalemela, ma app amakana kulandila zatsopano, ndipo meseji yakuti malo atha imabwela tsiku lililonse.

Cimene cimadzaza mafoni ambili kuno ndi magulu a WhatsApp: la kuchalichi, la cilimba, la kusukulu ya ana, la maliro a kumudzi limene silitsekedwa maliro atatha. Vidiyo yoponyedwa mmenemo imatha kudzilowela yokha mu foni yanu. Tsegulani WhatsApp, pitani ku Settings, kenako Storage and data, ndipo pa Media auto-download cotsani zonse, makamaka mavidiyo. Mudzatsitsa cokhaco cimene mwasankha, ndipo bundle idzakhalitsa. Mu Play Store namo, pa Network preferences, sankhani kuti ma app azilandila zatsopano pa Wi-Fi cabe.

Mafoni ambili a 2GB amabwela ndi Android Go, mtundu wopepuka wa Android umene Google inayambitsa mu 2017 kaamba ka mafoni a mphamvu yocepa. Pa foni yotele sankhani ma app opepuka pamene alipo, monga Facebook Lite. Ma app olonjeza kuyeletsa ndi kufulumizitsa foni musawaike. Ambili amangodzaza sikilini ndi zotsatsa malonda. App ya Files by Google imagwila nchito yoyeletsayo kwaulele.

Memoli kadi imalowa, ndipo ndi yabwino kusungilamo nyimbo, zithunzi ndi maulaliki. Koma makadi a gong'a ndi ambili. Kadi yolembedwa 64GB yogulitsidwa pa mtengo wosamveka imaonetsa 64GB pa foni, koma mkati ndi yaing'ono, ndipo ikadzala zithunzi zimayamba kukana kutseguka. Zithunzi za ukwati kapena za ma lisiti a bizinesi zisakhale pa kadi yokha.

Batile ndi kuchaja

Gwilitsilani nchito chaja ndi nthambo zovomelezedwa ndi opanga. Musaboole, musapinde, ndipo musaponye batile pamoto. Batile la foni iyi silicotsedwa ndi mwini foni. Gwilitsilani nchito cipangizoci pamalo otentha pakati pa madigili 0 ndi 35. Awa ndi mau a kabuku monga mmene alili.

Nambala ya mAh imaonetsa kuculuka kwa moto umene batile limasunga. La 5000 mAh pa foni yaing'ono mphamvu ngati iyi limatha tsiku lonse popanda vuto, ndipo kwa woimba ndi kulemba mameseji cabe limafika tsiku laciwili. Ici ndiye cabwino cacikulu ca mafoni awa. Vuto lake ndi kudzaza: chaja ya 10W imene imabwela m'mabokosi ambili imafuna maola atatu kapena kuposelapo. Amene anaona mmene malaiti anavutila mu 2024, madzi atacepa ku Kariba, akudziwa kuti maola atatu si ocepa pamene ZESCO yapatsa dela lanu maola owelengeka pa tsiku. Kugula chaja yamphamvu kwambili sikuthandiza ngati foni yeniyeniyo inapangidwa kulandila 10W.

Malaiti akapita, cotsani chaja pa soketi. Pobwela nthawi zina amabwela ndi mphamvu yoposa muyeso, ndipo cimene cimayamba kupsa ndi cimene cinasiyidwa pa khoma. Dikilani pang'ono akhazikike. Chaja ya mano awili ozungulila musaikakamize mu soketi yathu ya mano atatu potokosa ndi kamtengo kapena kiyi. Adaputa ndi yochipa kuposa cipatala. Ochaja pa sola kapena pa batile la galimoto, pitilani pa potulukila moto pa USB, osati kulumikiza mawaya mwacindunji. Mukasiya foni pamalo ochajitsa pa msika, cotsani memoli kadi ndipo foni ikhale yokhoma.

Za madigili 35 zija, ku Mfuwe ndi m'cigwa conse ca Luangwa mwezi wa October umapitilila pamenepo ngakhale pamthunzi. Simungasinthe nyengo, koma musaonjezele moto pa moto: musachaje foni ili padzuwa, pa dashibodi, pansi pa pilo, kapena pafupi ndi mbaula, ndipo musaonelele mavidiyo ikuchaja masana. Kumbuyo kwa foni kukayamba kutukumuka kapena sikilini kunyamuka m'mbali, batile latupa. Zimitsani, musaichajenso, ipelekeni kwa okonza tsiku lomwelo.

Cina cimene cimadya moto wa batile ndi netiweki yofooka. Kumudzi kumene foni imasakasaka netiweki tsiku lonse, batile limatha msanga kuposa m'tauni. Usiku, kapena muli kumunda kumene kulibe netiweki n'komwe, ikani Airplane mode.

Sikilini ndi madzi

Sikilini imamva cala, osati mphamvu yodinizila. Cala conyowa, ca mafuta, kapena covala magolovesi cimaisokoneza. Pukutani ndi kansalu kofewa kouma. Mafoni a mtengo uwu ambili alibe citetezo ca madzi, ndipo nthawi ya mvula thumba la pulasitiki limawapulumutsa. Ikagwela m'madzi, zimitsani, cotsani kathileyi ka SIM, musaichaje, ndipo musaiyanike pa mbaula. Galasi loteteza sikilini ndi kava muziike tsiku logula, cifukwa sikilini yosweka walanti saiwelengela ndipo kuisintha kumadya gawo lalikulu la mtengo wa foni.

Akaunti ya Google ndi PIN

Foni idzapempha akaunti ya Google. Kabuku kamaona ngati ndi nkhani yaing'ono, koma yagwetsa anthu ambili. Wogulitsa kapena mwana wa m'nyumba amakutsegulilani akaunti mofulumila, pasiwedi imatsala m'mutu mwake, inu n'kupita. Tsiku limene foni idzafufutidwa zonse kuti iyambe ngati yatsopano, idzafuna akaunti yomweyo isanatseguke. Ici cinaikidwa dala kuti wakuba asapindule ndi foni yakuba, koma cimatsekelanso kunja mwini wake woiwala. Lembani imelo ndi pasiwedi m'kabuku, musunge kunyumba pamodzi ndi lisiti. Manambala a anthu muziwasunga ku akaunti ya Google, kuti foni ikatayika muwapeze pa ina.

Ikani PIN yokhomela sikilini, yosiyana ndi ya Airtel Money kapena MoMo, ndipo isakhale caka canu cobadwa, cimene cili pa NRC imene mumayenda nayo m'cikwama cimodzi ndi foni. PIN ya ndalama musauze munthu, ngakhale woimba wodzicha wa ku kampani. Ngati foni mwaitenga pa ngongole yolipila pang'onopang'ono, dziwani kuti ambili a mafoni otelo amadzikhoma okha mukadumphitsa malipilo. Welengani pangano musanasaine, ndipo musagule foni yotelo kwa munthu amene sanamalize kulipila.

Kodi ikwanila pa nchito yanu?

Kuimba, WhatsApp, kutumiza ndi kulandila ndalama, kugula mayuniti a malaiti, kumvela wailesi, kuonelela YouTube, kujambula katundu wogulitsa masana: zonsezi imacita bwino. Kamela ikafika madzulo imafooka, zithunzi zimatuluka za mcenga. Tumagalasi tuwili kapena tutatu kumbuyo tusakukopeni, cifukwa nthawi zambili kamela imodzi ndiyo imagwila nchito yeniyeni. Masewela akuluakulu, kukonza mavidiyo, ndi misonkhano yaitali ya pa Zoom pamodzi ndi kulemba manotsi pa foni yomweyo, zimenezo zidzakutopetsani. Kwa mwana wa sukulu wofuna kuwelenga mabuku a PDF ikwanila, malinga TikTok isalowemo kudzalanda malo.

Walanti

Walanti ya opanga ambili ndi ya miyezi 12 kucokela pa tsiku logula. Onani pepala lanu. Imakhudza zolakwika za ku fakitale. Siikhudza kusweka, kulowa madzi, kupsa ndi malaiti, kapena foni yotsegulidwa ndi munthu wosaloledwa. Mau omaliza awa ndi ofunika: mukapeleka foni kwa wokonza wa pa msika m'miyezi imeneyi, ngakhale kungosintha pochajila, walanti yatha. Mafoni a itel, Tecno ndi Infinix amakonzedwa ku Carlcare; a opanga ena, funsani wogulitsa akulembeleni pa lisiti kumene mungapite. Popeleka foni, sungani zithunzi ndi manambala kwina cifukwa angafufute zonse, cotsani SIM ndi memoli kadi, ndipo pemphani pepala losonyeza IMEI, vuto limene mwanena, ndi tsiku lokaitenga.